CDN yodzipangira ndi nginx: zomwe zaoneka patatha miyezi 8

CDN ndi gulu la maseva osunga makope a webusaiti pafupi ndi owerenga, ndipo nginx ndi pulogalamu yoyendetsera seva. Makonzedwe ake ndi awa: seva yaikulu ili ku Frankfurt, kutsogolo kwake kuli maseva awiri a nginx osunga cache (makope a masamba ndi mafayilo), ina ku Johannesburg ina ku London, ndipo GeoDNS imalozera munthu ku seva yomwe ili pafupi naye. Kuziyika n'kosavuta. Chimene chimadya nthawi m'miyezi yotsatira ndi kiyi ya cache, yomwe nginx imazindikirira fayilo iliyonse yosungidwa.

Mukapanda kuisintha, nginx imazindikira fayilo poona adiresi yonse, kuphatikizapo zonse zobwera pambuyo pa chizindikiro cha funso. Ulalo wodinidwa pa Facebook umabwera ndi fbclid yakeyake (kachidutswa komwe Facebook imawonjezera pa adiresi), choncho tsamba limodzi limasungidwa kambirimbiri ngati masamba osiyana, seva yaikulu n'kumalemedwabe. Mukalemba $upstream_cache_status mu log mudzangoona MISS yokhayokha, kutanthauza kuti tsambalo silinapezeke mu cache. Mu proxy_cache_key ikanimo $uri m'malo mwa $request_uri, kenako onjezerani magawo a adiresi okhawo amene amasinthadi tsamba, monga $arg_page. Onaninso Set-Cookie, yomwe seva imaperekera cookie (kachizindikiro kodziwira munthu): yankho lililonse lokhala nayo nginx silisunga. Pa zithunzi ndi CSS mutha kuinyalanyaza ndi proxy_ignore_headers, n'kuibisanso ndi proxy_hide_header, koma pa masamba olowa ndi pasiwedi musayerekeze, chifukwa mupereka cookie ya munthu wina kwa mnzake.

Msampha wina ndi inactive. Mukapanda kuisintha, fayilo yomwe palibe waifunsa kwa mphindi 10 imafufutidwa, ngakhale proxy_cache_valid itanena masiku 30. Ife tinaika inactive=14d ndi max_size yosiyira disiki mpata. Pa keys_zone, malo osungira makiyi mu memori, megabaiti imodzi imasunga makiyi pafupifupi 8,000, ndiye 100m imakwanira mafayilo pafupifupi 800,000. Yatsaninso proxy_cache_lock kuti anthu ambiri akafunsa fayilo yatsopano nthawi imodzi, pempho limodzi lokha lipite ku Frankfurt. Chotisangalatsa kwambiri ndi proxy_cache_use_stale: seva yaikulu ikagwa, owerenga amalandirabe tsamba lakale.

Kufufuta fayilo imodzi mu cache ndi proxy_cache_purge kuli mu NGINX Plus yolipira. Njira yabwino ndi kusintha dzina la fayilo nthawi iliyonse mukaikonza.

Satifiketi za HTTPS zochokera ku Let's Encrypt zimatha pa masiku 90, ndiye vuto lake limaonekera mochedwa, pokonzanso. Ndi HTTP-01, njira yotsimikizira umwini wa webusaiti poika fayilo yoyesera pa seva, wotsimikizira wa Let's Encrypt akhoza kufikira seva ina yomwe ilibe fayilo yoyesera. Gwiritsani ntchito DNS-01, yomwe imatsimikizira kudzera mu DNS (kaundula wa mayina a mawebusaiti), pa makina amodzi, n'kutumiza satifiketiyo ku maseva onse ndi rsync, pulogalamu yokopera mafayilo.

GeoDNS payokha siidziwa kuti seva yafa. Pamafunika choyezera chomwe chimachotsa seva yakufayo, ndi TTL (nthawi yomwe yankho la DNS limakumbukiridwa) ya masekondi 60. Kwa amene owerenga ake ali ku Lilongwe kapena Lusaka, seva ya ku Johannesburg ndi yoyenera ndalama zake. Koma njirayi siteteza ku DDoS yaikulu (kuukira seva poitumizira mapempho ochuluka kwambiri mpaka igwe), ndipo tsamba lomwe limaukiridwa pafupipafupi lisadalire maseva awiri okha.