Ndinapita ndekha ku makachisi a ku Japan, ndabwerako ndi pempho kwa amalume

Amayi, amalume, achimwene, alongo anga ndi nonse kumudziko, ndakulonjerani. Kuno kwayamba kuzizira, masamba a mitengo afiira psuu, ine ndili bwino ndithu. Ndamva kuti mvula yoyamba yagwa, mwadzala kale kapena mukudikira igwe yokwanira?

Lero ndalemba zazitali chifukwa cha chithunzi chija ndinatumiza, chija ndinaima pansi pa zipata zofiira. Alongo anga andiuza kuti amayi simunagone bwino tsiku limenelo, akuti mwana wanga wayamba kugwadira mafano kumeneko. Amayi mtima pansi, tchalitchi sindinasiye, Lamulungu ndikakhala kuti ndilibe shifiti ndimapita. Koma ndikufuna ndifotokoze bwinobwino komwe ndinapita ndi chomwe ndinapitirako, poti pa foni paja timangolankhula mothamanga, inu bandulo ikutha, ine tulo tandigwira chifukwa kuno tili patsogolo ndi maola 7.

Mukudziwa kuti ndimakhala ku Nagoya, masana sukulu, usiku ganyu ku fakitale yolongedza chakudya m'timabokosi, lamulo limatilola ophunzirafe maola 28 pa sabata basi. Makina amasokosera usiku onse, ukaweruka ulowe m'sitima yodzadza anthu koma palibe okupatsa moni, ufike m'kachipinda koti ukatambasula manja watsala pang'ono kukhudza makoma onse. Si kuti anthu ake ndi oipa ayi, ndi chikhalidwe chawo chosafuna kusokoneza mnzako. Koma kwa munthu okulira pamudzi ngati pathu paja zimalemera, mutu wanga unafika podzadza. Nde ndinangoti wikendi ino ndichoke, ndekha, osadikira anzanga poti iwo akapeza mpata amafuna kumashopu ku Osaka. Kuno kuyenda wekha si nkhani, ngakhale agogo achizimayi amayenda okha ndi kachikwama kumsana, palibe amakuyang'ana ngati wasokonekera.

Ndinayambira ku Kyoto, mzinda umene unali likulu la dziko lino kuyambira 794 mpaka m'ma 1868. Choyamba mudziwe kuti makachisi akuno ali mitundu iwiri. Ena amati jinja, awa ndi a chipembedzo cha makolo awo chotchedwa Shinto, amalemekeza mizimu ya m'mapiri, m'mitsinje, m'mitengo ndi ya makolo, ndipo polowera pake pamakhala chipata chija amati torii. Ena amati otera, awa ndi a Chibuda, muli ansembe ometa mpala ndi fungo la lubani. Anthu ambiri amapita konseko osaona vuto, mwana akabadwa apita naye ku jinja, munthu akamwalira mwambo wa maliro achita a ku otera.

Zipata zofiira zija ndi pa Fushimi Inari, mphindi 5 pa sitima kuchoka pa siteshoni yaikulu ya Kyoto. Malowa anayamba m'chaka cha 711, satseka usiku ndipo salipiritsa. Ndinafika kusanache bwino chifukwa dzuwa likakwera anthu amachita kupanikizana ngati pa msika wa Lizulu. Zipatazo ndi masauzande, zandondozana kukwera phiri lotalika mamita 233, ukamayenda mkati mwake zimakhala ngati uli m'ngalande yofiira. Chilichonse anapereka ndi munthu kapena kampani, dzina lake ndi tsiku analemba kumbuyo kwake, chifukwa Inari, mzimu umene amaulemekeza pamalopo, kwa iwo ndi mwini mpunga komanso mwayi wa malonda. Paliponse pali ziboliboli za nkhandwe, akuti ndi amithenga ake, zina zaluma kiyi ya nkhokwe kukamwa. Kumtunda anthu anachepa, kunangotsala ine, akhwangwala ndi bambo wina okalamba akusesa masitepe ndi tsache la nsungwi, anandiweramira pang'ono, nane ndinawerama. Moni oyamba wa mlendo pa masabata angapo.

Masana ndinapita ku Ryoan-ji, uku ndi kwa Chibuda. Umavula nsapato, ukhale pakhonde la matabwa, kutsogolo kwako kuli bwalo la mamita pafupifupi 25 m'litali ndi 10 m'lifupi. Mulibe duwa, mulibe mtengo. Timiyala toyera tokhatokha topalasidwa mizere, ndi miyala ikuluikulu 15 yokhala ndi ndere kuzungulira. Anaiyala mwakuti ukakhala pakhondepo sungaione yonse 15 nthawi imodzi, umodzi umabisala kumbuyo kwa unzake. Poyamba ndinkangowerenga, kenako ndinasiya. Mizere ija inandikumbutsa bwalo lathu m'mawa amayi mukangosesa, mizere ya tsache ikuonekabe nkhuku zisanapondepo. Ndinakhala pamenepo mwina ola lathunthu, ndipo ndisabise, misozi inatuluka, ndinakumbuka agogo aamuna poti maliro awo anandipeza ndili kuno sindinathe kuponya nawo dothi. Kuyambira nthawi ija sindinapezepo malo olira, kuchipinda khoma ndi lopyapyala, kuntchito layini siyiima. Pakhonde paja palibe anandifunsa kanthu, mayi wina anangosendera pang'ono kundipatsa malo.

Ku Kinkaku-ji, kachisi okutidwa ndi golide uja, ndinangodutsa. Ndi okongola inde, ulipo panowu anaumanganso mu 1955 wakale utatenthedwa mu 1950, koma anthu ndi makamera anachuluka, mphindi pang'ono ndinatulukamo.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi ya ku Ise, komwe ndinapita sabata yotsatira. Kuchoka ku Nagoya ndi sitima ya Kintetsu ndi ola limodzi ndi theka kapena kuchepera. Awa ndiye malo opatulika kwambiri pa chipembedzo cha Shinto, nde ine ndinkayembekezera chinyumba chachikulu cha golide kuposa cha ku Kyoto. Umayamba ndi kachisi wakunja amati Geku, pafupi ndi siteshoni ya Iseshi, kenako ukwere basi kupita ku wamkati, Naiku. Pofika umawoloka mlatho wa matabwa wa mamita pafupifupi 100 pa mtsinje wa Isuzu, madzi ake oyera mbee mpaka kuona timiyala pansi, ndipo anthu amatsikira pamtsinjepo kusamba m'manja asanapitirire. Kenako ndi nkhalango, mitengo ikuluikulu yoti anthu atatu kugwirana manja mwina simungaizungulire, phokoso lokhalo ndi la nsapato pa timiyala, tswa tswa tswa.

Nditakwera masitepe a miyala, pomwe kujambula nkoletsedwa, ndinapeza mpanda wa matabwa ndi nsalu yoyera yotchinga pachipata. Anthu wamba salowa. Chomwe umaona ndi madenga kuseri kwa mpanda, ndipo amalume, madenga ake ndi audzu. Udzu weniweni, ofolera mochindikala, odulidwa bwino m'mphepete. Matabwa osapaka penti. Tinyumba tina tating'ono ta mtundu omwewo tili pambali pa njira poonekera, ndinatiyang'anitsitsa, nsichi zake anazizika m'dothi, pansi pake m'potukuka, mphepo imadutsa kunsi. Ndinati iyi si nkhokwe iyi? Ndipo ndi zoona, kamangidwe kake kanachokera ku nkhokwe zawo zakale zosungiramo mpunga. Dziko lopanga Toyota ndi sitima zothamanga ngati mphepo, malo awo olemekezeka koposa ndi nkhokwe yofolera ndi udzu.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi bwalo lopanda kanthu lomwe lili pambali pa kachisiyo, lofanana kukula kwake, loyalidwa miyala, pakati pali kanyumba kakang'ono basi. Pa zaka 20 zilizonse amamanga kachisi watsopano pa bwalo limenelo, ofanana ndendende ndi wakale, akasamutsa zopatulika zawo aphwasula wakaleyo, bwalo lake likhale likudikira zaka zina 20. Anayamba m'chaka cha 690, panali nthawi ya nkhondo pomwe anadukiza zaka zoposa 100 koma anayambiranso, komaliza anachita mu 2013 kamene kanali ka 62, kotsatira ndi mu 2033. Ngakhale mlatho uja amaumanganso. Kukonzekera kokha kumatenga zaka 8, kudula mitengo kumapiri, kuyiumitsa, kusonkhanitsa udzu, ndipo anthu a mumzindawo amatuluka kudzakoka mitengoyo ndi zingwe akuimba, ngati mmene timachitira pa dima. Matabwa akale sataya, amagawira makachisi ena.

Ine ndinaima pamenepo nkumawerengera. Mnyamata amene anagwira nawo ali ndi zaka 20 akungonyamulira akuluakulu zida, ulendo winawo ali ndi 40 ndiye mmisiri weniweni, winawo ali ndi 60 akuphunzitsa ana. Nyumbayo siyikhalitsa, mtengo ozika m'dothi umaola, udzu umatha, iwo akudziwa. Chomwe akusunga ndi manja odziwa kumanga. Ku Geku mpaka lero amaphika chakudya cha nsembe kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, moto wake amachita kupekesa ndi timitengo ngati mmene agogo ankatisimbira kuti makolo ankachitira machesi asanabwere.

Apa mpamene maganizo anga anathawira kwathu. Ifenso tili nazo izi. Kusukulu tinaphunzira za kachisi wa Mbona m'nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, naye ndi wa mitengo ndi udzu, akatha amamumanganso, ndipo nkhalango yake siyidulidwa. Olo osapita kutali, pamudzi pathu pomwepo mitengo yachilengedwe yatsala kuti? Kumanda basi, chifukwa ndi komwe nkhwangwa imaopa. Kwina konse tinamaliza ndi makala ndi kuotcha njerwa. Kuno nakonso mumzinda ukaona kagulu ka mitengo ikuluikulu pakati pa nyumba zosanja, dziwa kuti pali jinja. Kusiyana kwake nkwakuti iwo sachita nazo manyazi, ife tikangoti udzu timaona umphawi, tikangoti kachisi timaona uchikunja, ndiye timataya zonse pamodzi, ndi luso lomwe.

Za kupembedza amayi ndinene poyera. M'manja ndinasamba, chifukwa ndi ulemu wa pakhomo pa eni ake, ngati mmene mlendo amasambira m'manja tisanamupatse nsima. Iwo akafika kutsogolo amaponya kandalama, nthawi zambiri ka 5 yen koboola pakati, awerama kawiri, aomba m'manja kawiri, awerama kamodzi. Ine sindinachite zimenezo, ndinaima pambali chipewa chili m'manja, pemphero langa ndinapereka chamumtima kwa Mulungu yemwe munandiphunzitsa. Palibe anandikakamiza, palibe anandiyang'ana moipa. Potuluka ndinadya udon wa ku Ise, chakudya chawo chonga supageti, onenepa ofewa wa msuzi wakuda, ndi timakeke ta mpunga topaka nyemba zotsekemera, nyemba za shuga poyamba zimadabwitsa koma ndinamaliza.

M'sitima pobwerera ndinkangoganiza za nkhokwe ya agogo ija ili kuseri kwa khitchini. Ndikudziwa chifukwa chake tinasiya kuthiramo chimanga, akuba anachuluka, anankafumbwe nawo, matumba ndi mankhwala m'nyumba ndiye zinatipulumutsa, sindikunena kuti tibwerere m'mbuyo ayi. Koma achimwene munandiuza mwezi watha kuti yapendekeka, chiswe chadya miyendo, mukufuna muigwetse mupeze nkhuni. Ndikadzifunsa ndani pabanja pathu angathe kuluka ina kuyambira pansi, kusankha nsungwi, kuzing'amba, kuyala miyala ndi mitanda, kumanga denga pansi nkulikweza, ndikupeza amalume okha. Ine sinditha, ndinkangowapatsira luzi agogo ndili mwana, achimwene inunso ndikukayika.

Nde pempho langa ndi ili amalume. Yakaleyo musagwetse kaye, iyimebe mpaka mvula ithe. Ikafika Epulo kapena Meyi chimanga chisanalowe, mumange ina pambali pake, olo yaing'ono yosungiramo mtedza, koma muluke pamodzi ndi anyamata a achimwene awiri aja, agwire okha nsungwi ndi manja awo osati kungoonerera. Ya nsungwi, udzu ndi thobwa la ogwira ntchito nditumiza ine kumapeto a Malichi ndikalandira. Alongo anga inu mujambule pa foni kuyambira tsiku loyamba, musadule poti bandulo, ndikugulirani, ndikufuna ndione mmene amalume amayambira kuluka pansi paja chifukwa mpomwe ndinaiwala.