Mustang ndi Camaro: chimene eni ake sasinthira mbali

Ku America, munthu amene bambo ake ankayendetsa Ford Mustang kawirikawiri sayang'ananso Chevrolet Camaro. Mustang inatuluka mu Epulo 1964, ndipo pasanathe zaka ziwiri Ford inali itagulitsa magalimoto miliyoni. Chevrolet inayankha mu Seputembala 1966 ndi Camaro. Mkangano unakula pa mpikisano wothamangitsa magalimoto wa Trans-Am: Mark Donohue anapambanitsa Camaro mu 1968 ndi 1969, kenako Parnelli Jones anabwezera chipongwe ndi Mustang Boss 302 mu 1970. Anyamata amene ankaonera nthawiyo anasankha mbali, ana awo nkutengera.

Okonda Mustang amanyadira kuti galimotoyi sinalekepo kupangidwa chiyambire. Camaro inaima mu 2002, inabwereranso patapita zaka zingapo, ndipo panopa yaimanso.

Koma chimene chimamanga mwini Camaro chili m'galaja. Injini yaing'ono ya V8 (ya masilinda asanu ndi atatu) ya Chevrolet, imene inayamba mu 1955, inaikidwa m'magalimoto ochuluka kwambiri, moti zipangizo zake sizisowa, nzotchipa, ndipo zambiri zimalowana ngakhale zaka zikhale zosiyana. Munthu amene wathera moyo wake akumasula injini imeneyi amaidziwa ndi kulira kwake komwe. Kusamukira ku Ford nkuyambiranso sukulu, chifukwa kumeneko kuli mitundu ya injini ngati Windsor ndi Cleveland, yosiyana m'zambiri. Wosamukayo amatayanso anzake amene amabwerekana nawo masipanala ndi nzeru.

Ine mtima wanga uli ku Camaro ya 1969, chifukwa munthu wa ndalama zochepa angathe kuikonza yekha pakhomo.