Zimbale zinayi za Fleetwood Mac, patatha miyezi isanu ndi itatu

Pamene ndinkagula zimbale zinayi za gulu loyimba la Fleetwood Mac miyezi isanu ndi itatu yapitayo, ndinali nditaweruza kale. Ndinkauza aliyense kuti gulu lenileni linali la Peter Green, ndipo zomwe zinabwera pambuyo pake zinali nyimbo zokometsera pa wailesi basi. Zimbalezo ndi Mr. Wonderful cha 1968, Then Play On cha 1969, Bare Trees cha 1972 ndi Rumours cha 1977. Ndakhala ndikuzimvera m'galimoto popita kuntchito komanso usiku ndi mahedifoni, ndipo maganizo aja asintha.

Chomwe ndinkachitamanda kwambiri poyamba ndicho chatopetsa msanga. Mr. Wonderful ndi blues yeniyeni, yoyimbidwa ndi anyamata a ku London omwe ankatengera oyimba a ku Chicago. Green anali atangochoka m'gulu la John Mayall, komwe analowa m'malo mwa Eric Clapton, n'kuyambitsa Fleetwood Mac mu 1967. Gitala yake imalira bwino zedi, siithamanga, imadikira kaye isanayankhe. Koma Jeremy Spencer, woyimba gitala wina m'gululi, ankakonda kwambiri kayimbidwe ka Elmore James, woyimba blues wa ku America, moti nyimbo zinayi za pachimbalechi zimayamba mofanana ndendende. Mwezi woyamba sindinaone vuto. Pofika mwezi wachitatu chala chinkangopita chokha kukadumphitsa.

Then Play On ndiye sichinandigwiritse mwala. Apa Danny Kirwan anali atalowa, ndipo magitala awiri, ya iye ndi ya Green, amayankhana ngati anthu ocheza pakhonde. Blues ilimobe koma yayamba kumasuka, nyimbo zina n'zofatsa, zachisoni. Green anachoka mu 1970, maganizo ake atasokonezeka, ndipo ukamvera chimbalechi ukudziwa zimenezo, mtima umawawa.

Chomwe chinatembenuza mutu wanga ndi Bare Trees, chimbale chomwe ndinagula mongowonjezera. Kwa miyezi iwiri sindinachitulutse n'komwe m'chikuto chake. Tsiku lina mvula ikugwa ndinachiika, ndipo mawu a Christine McVie atamveka ndinazindikira kuti pano ndi pomwe pali mlatho pakati pa blues ndi nyimbo za pambuyo pake. Mayiyu anachokera ku blues, ankayimba piyano m'gulu la Chicken Shack, ndipo piyano yake imamveka kale pa Mr. Wonderful asanalowe m'gulu la Fleetwood Mac mu 1970. Pa Bare Trees dzanja lake lidakali la blues, koma nyimbo zake n'zazifupi, zosavuta kuyimba nawo. Bob Welch, wa ku California, anabweretsanso kamvekedwe kofewa. Choncho pamene gululi linkasamukira ku America mu 1974, n'kulandira Lindsey Buckingham ndi Stevie Nicks kumapeto kwa chakacho, ulendo unali utayamba kalekale.

Rumours ndinkachinyoza chifukwa chotchuka. Makope ake agulidwa opitirira 40 miliyoni, ndipo chinapata mphoto ya Grammy mu 1978, ine n'kumati zokondedwa ndi aliyense sizikhala ndi kanthu. Ndinalakwa. Chinajambulidwa mu 1976 banja la John ndi Christine McVie likutha, Buckingham ndi Nicks akusiyana, ndipo ululu umenewo umamveka pansi pa mawu osalalawo. Usiku wina ndinatsitsa mawu a oyimba m'mutu mwanga n'kutsatira ng'oma ndi besi zokha. Pa nyimbo ya Don't Stop, Mick Fleetwood akuomba ng'oma mwa kadumphidwe komweko ka blues komwe ankaomba mu 1968, piyano ya Christine ikutsatira. Pa The Chain, nyimbo ikaima pang'ono, besi ya John McVie imalowa yokha, yolemera, mpaka chitseko cha galimoto kunjenjemera. Fleetwood ndi John McVie ndi omwe dzina la gululi linachokera, ndipo magitala ankasinthasintha iwo ali pomwepo.

Pali chomwe chinatayika, sindibisa. Pa Rumours palibe malo oti gitala ilire momasuka kwa mphindi zingapo monga ankachitira Green. Chilichonse n'choyezedwa, chopukutidwa mu situdiyo. Masiku ena ndimachisowa chisokonezo chija.

Kwa amene akufuna kugula, ndinganene kuti ayambe ndi Then Play On ndi Rumours, koma asadumphe Bare Trees monga ndinachitira ine. Mr. Wonderful angachisiye kaye pokhapokha ngati blues ndi chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku. Zimbale zonse zikugwirabe ntchito, kupatula Rumours chomwe chakandika pang'ono chifukwa chosachoka m'galimoto, ndipo chayamba kudumpha pa nyimbo yachiwiri. Chimenecho ndigulanso china kumapeto kwa mwezi uno.