Filimu ya Brazil: mathero a Gilliam kapena a Universal?

Filimu ya Brazil, imene Terry Gilliam anatulutsa mu 1985, ili m'mitundu iwiri yosiyana kwambiri pomalizira. Nkhani yake ndi imodzi: kachilombo kagwera m'makina olembera, dzina la Tuttle lasanduka Buttle, boma lagwira munthu wosalakwa, ndipo maofesi akungokankhirana mlandu pomwe kalaliki Sam Lowry akuthawira m'maloto momwe amauluka ndi mapiko.

Mtundu wa Gilliam, wa mphindi 142, umaonetsa Sam akuthawa ndi Jill, mkazi amene amam'konda, kenako n'kuulula kuti zonsezo zinali m'mutu chabe, pakuti iye akadali womangidwa pampando wozunzirapo anthu, mutu utasokonekera, akung'ung'udza nyimbo. Sid Sheinberg, mkulu wa kampani ya Universal yomwe inkafalitsa filimuyo ku America, anaona kuti mathero otere sangakope anthu, choncho filimuyo inadulidwa kufika mphindi 94, awiriwo n'kupulumukadi.

Wachiduleyo ndi wopepuka kuonera, koma ukunyenga woonera, chifukwa boma limene limalipiritsa womangidwa ndalama zomufunsira mafunso silingagonje kwa chikondi. Bungwe la openda mafilimu ku Los Angeles linasankha wa Gilliam kukhala filimu yopambana ya 1985, ndipo Universal inatulutsa wa mphindi 132 wosasintha mathero ake.