Stargirl: mtsikana wosalidwa ndi mnyamata amene analephera kumuima kumbuyo

Buku la Stargirl, lolembedwa ndi Jerry Spinelli, linatuluka m'chaka cha 2000. Ndi lalifupi, la Chingerezi chosavuta, loti mwana wa sekondale angalimalize osatopa nalo. Nkhani ikuchitikira pa sukulu ya Mica High, m'tauni yongopeka ya m'chipululu cha Arizona ku America. Pasukulupo pafika mtsikana amene wakhala akuphunzirira pakhomo, dzina lake Susan Caraway, koma anadzitcha yekha Stargirl. Amavala madiresi aatali achikale, amayenda ndi khoswe woweta wotchedwa Cinnamon, ndipo pa nthawi ya chakudya chamasana amatenga kagitala kake ka ukulele n'kuimbira aliyense amene akukumbukira tsiku lake lobadwa, afune asafune.

Poyamba anzake angomuyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenaka amukonda, mpaka amulowetsa m'gulu la ochemerera timu ya sukulu. Zinthu zisokonekera pa basketball. Stargirl amachemerera timu yawo ndi ya adani yomwe, ndipo wosewera wa timu ina atavulala, iye athamangira kukamusamalira. Timu ya Mica itagonja, mlandu wonse ugwera iye.

Apa m'pamene ndinalikondera bukuli. Kuzunzana kwake si kwa zibakera. Ana asukulu yonse angosiya kumulankhula, basi. Akadutsa amayang'ana kumbali, akapereka moni palibe woyankha. Mphunzitsi angalange ndani pa mlandu wongokhala chete? Spinelli wakujambula bwino kusalana kotereku, mmene kumafalikira popanda wina kulamula, mpaka kugwira ndi amene wangoyenda ndi wosalidwayo.

Woyenda nayeyo ndi Leo Borlock, chibwenzi chake, ndipo ndiye akufotokoza nkhaniyi patapita zaka 15. Kwa ine mwini buku ndi Leo. Leo amamukonda zoona mtsikanayo, koma kusapatsidwa moni kukumuwawa kuposa mmene kukumuwawira mwini wake, ndiye amupempha kuti akhale ngati ena onse. Stargirl avomera. Abwerera ku dzina la Susan, avala zimene anzake amavala, apita kukapambana mpikisano wolankhula pagulu wa Arizona yense, akuyembekeza kuti pobwera apeza khamu likumuchingamira. Apeza mnzake mmodzi, Dori Dilson, ndi aphunzitsi angapo. Chigawo chimenecho ndinachiwerenga mtima ukuwawa, makamaka chifukwa Leo sali munthu woipa. Ndi wamantha chabe, mantha omwe ambirife tinali nawo pa msinkhu umenewo.

Chimene sichinandikomere ndi Stargirl mwiniwakeyo. Wachita kuyera mtima mopitirira. Sakwiya, sabwezera, ndipo Hillari Kimble, mtsikana amene amadana naye kuyambira pachiyambi, atamumenya mbama pa phwando la Ocotillo Ball, iye angomupsompsona patsaya. Mwana amene akunyozedwa kusukulu lero lino akhoza kufunsa kuti, nanga ine wokwiya usiku ndi usana, ndili pati m'bukuli? Palinso khalidwe lake lotsatira anthu osawadziwa mumsewu n'cholinga chodziwa chimene chingawasangalatse. Wolemba akuliona ngati chifundo, ine linandichititsa nthumanzi. Mkulu wina wopuma pantchito yofukula mafupa akale, Archie, amene ana amapita kukamvera nzeru zake, nthawi zina amalankhula ngati mlaliki, nkhani n'kuima.

Komabe ndingamugulire mwana wa zaka 12 kupita m'tsogolo, ndipo ndingalipereke kwa amene amaonerera anzawo akusalidwa kuposa kwa wosalidwayo. Buku lotsatira, Love, Stargirl, linatuluka mu 2007 ndipo mmenemo mtsikanayo akudzilankhulira yekha. Filimu ya Disney+ ya 2020 inasintha zinthu zingapo, choncho yambani ndi bukuli.