Eriyo yamkati ya log periodic: mmene ikugwirira mu fulati yanga ya lendi ku Manchester

Abale anga amene muli kuno ku UK makamaka mbali ino ya Manchester, nkhani ya eriyo imangobwerabwera tikakumana, wina akuti TV yake ikungodukaduka wina akuti anangoisiya nkumaonera pa foni, nde ndati ndilembe zanga malo amodzi. Ka eriyo kamene ndikugwiritsa ntchito panopa nkamene m'masitolo amalemba kuti log periodic, kooneka ngati minga ya nsomba, timawaya tatitali kumbuyo tatifupi kutsogolo. Sikanafike £30, kalibe busita (kachipangizo kokweza siginolo), sikafuna magetsi, ndipo ndikukayamikira ndi mtima wonse ngakhale kali ndi zovuta zake zimene nditchule.

Kaye mudziwe mmene nyumba yanga ilili chifukwa eriyo imene yagwira kwa ine mwina kwa inu siigwira. Ndimakhala pansanjika yachiwiri m'nyumba yakale ya njerwa imene anaidula kukhala mafulati. Mu kontirakiti analemba momveka kuti osaboola khoma, osakhoma dishi, padenga osakwerapo, ndipo tonse tikudziwa kuti kabowo kamodzi kokha kamatha kudya dipoziti. Soketi ya TV pakhoma ilipo koma ndi yakufa, chingwe chake sichifika kulikonse. Inuyo musanawononge ndalama yesani kaye soketi imeneyo, chifukwa m'mabuloko ambiri amene anamangidwa ngati mafulati kuyambira pachiyambi mumakhala eriyo imodzi yaikulu padenga yogawira nyumba zonse, nthawi zina kabokosi kogawa siginolo kamangokhala kazima kapena kapsa, ndipo amene akuyenera kukonza ndi oyang'anira buloko osati inu. Ikagwira imeneyo palibe eriyo yamkati imene ingaipose.

Ndisanagule iyi ndinali ndi zija zapepepe zakuda zomata pa windo, zobwera ndi busita yolowetsa pa USB. Dzina la kampani sinditchula, zilipo zambirimbiri pa intaneti ndipo zonse zimafanana. Pabokosi amalemba kuti imakoka siginolo kuchokera mamailosi mahandiredi, 4K, chani chani. Abale zimenezo musazimvere. Siginolo ya TV imayenda pafupifupi mowongoka ndipo dziko ndi lozungulira, ndiye mlongoti woulutsa TV ukakhala kutali kwambiri umabisika basi, olo eriyo ya padenga siingaupeze. Komanso palibe eriyo ya HD kapena ya 4K, eriyo ndi chitsulo chogwira mafunde, za HD zimadalira TV yanu ngati ili ndi tyuna ya DVB-T2, kachipangizo ka mkati mwa TV kolandira matchanelo a HD. Yanga yapepepeyo inkagwira BBC One masana, ikafika nthawi yamadzulo pamene munthu wachoka ku shifiti ukufuna ukhale pansi uonere nkhani, chithunzi chinkangosweka timabokositimabokosi mawu nkumalira ngati chinachake chikuthyoka. ITV ndi Channel 4 zinkabwera nkumasowa.

Chimene chinanditsegula mutu ndi menyu ya TV. Mukalowa ku settings mbali yosakira matchanelo pamanja mupeza mizere iwiri, wina strength wina quality. Ndi busita ija strength inkadzadza bwinobwino koma quality ili pansi ikungovinavina. Busita simapanga siginolo, imangokweza chimene eriyo yagwira, ndiye ngati yagwira siginolo yofooka yosakanikirana ndi phokoso la magetsi am'nyumba imakweza zonse pamodzi. Ntchito yake yeniyeni ndi pamene chingwe chili chachitali kwambiri kapena mukugawira ma TV angapo. Ndipo ngati muli pafupi ndi mlongoti imatha kuikhutitsa TV mopitirira mpaka matchanelo kusowa. Mzere woti muziuyang'ana ndi wa quality, winawo ukhoza kukhala pakati palibe vuto.

Tsopano za iyi. Mubokosi munali eriyoyo, kopondera kapulasitiki ndi kachingwe kakafupi koonda. Kulumikiza sikuvuta, ntchito yagona pa kuilozetsa. Ife a Manchester siginolo yathu ya Freeview, TV yopanda bilu yapamwezi yodzera pa eriyo, imachokera ku Winter Hill, phiri lili kufupi ndi Bolton, kumpoto chakumadzulo kwa tawuni, makilomita oposa 20 kuchokera pakati pa Manchester. Mlongoti wake ndi wautali mamita oposa 300, kukakhala kulibe mitambo usiku magetsi ake ofiira amaoneka kuchokera kutali. Amene muli ku Leeds wanu ndi Emley Moor, a ku London ndi Crystal Palace, a ku Birmingham ndi Sutton Coldfield. Pa webusaiti ya Freeview pali poika postcode ndipo amakuuzani mlongoti wanu ndi matchanelo amene mukuyenera kupeza. Koma njira yachangu ndi kungotuluka panja nkuyang'ana madenga a anzanu, kumene maeriyo ambiri aloza nkomweko. Muonenso ngati timawaya tawo tagona kapena taima. Milongoti ikuluikulu ngati Winter Hill imafuna togona, pamene ing'onoing'ono yothandizira m'madera a m'zigwa yambiri imafuna toima. Mukaigoneka pofunika kuimika mutaya siginolo yambiri zedi osadziwa chifukwa chake. Mbali yosongoka ya timawaya tatifupi ndi imene imaloza ku mlongoti.

Amene tinakula TVM itangoyamba mu 1999 ntchito iyi timaidziwa, wina panja akupotokola nsungwi ya eriyo wina m'nyumba akukuwa kuti bwezani pang'ono, apo apo, basi! Kusiyana kwake nkoti kale siginolo ikafooka umaonerabe ndithu chithunzi chamadonthomadontho, pamene za digito zilibe pakati, chithunzi chimakhala choyera kapena chisweke kapena chisowe. Ndiye osamayang'ana chithunzi posuntha eriyo, tsegulani menyu ija muziyang'ana quality, musunthe pang'ono mudikire kamphindi kuti mzere ukhazikike kenako musunthenso.

Pabalaza pamene pali TV sizinayende bwino, windo lake laloza mbali ina ndipo pakati pali makoma awiri a njerwa. Kuchipinda chogona windo laloza chakumpoto ndipo nditangoiika pamwamba pa wodilopu pafupi ndi windolo quality inakwera nkukhazikika. Chinandidabwitsa ndi choti kusuntha kotalika ngati chikhatho chokha kunkasintha zinthu, pakona ya wodilopu ikugwira zonse, pakati pa wodilopu yomweyo ITV ikusweka. M'nyumba mafunde amagunda makoma nkubwerera ndiye pali malo ena amene amathandizana ena amaphana. Pamene ndinapeza pabwino ndinamatapo selotepi kuzungulira kopondera kuti tikamapukuta fumbi tizibwezera pomwepo. Pamwamba nthawi zambiri ndi bwino kuposa pansi, komanso italikirane ndi radiator ndi zitsulo zina. Amene muli m'mafulati atsopano samalani, mawindo ambiri amasiku ano magalasi ake amapakidwa kachitsulo kosaoneka kosunga kutentha ndipo m'makoma amaikamo zotchinga kuzizira zokhala ndi foyilo, zonsezi zimatchinga siginolo. Yesani mutatsegula windo, quality ikakwera kwambiri mwadziwa kuti vuto ndi galasi, ndipo kuzizira kwa kuno palibe angagone windo lili pululu chifukwa cha TV.

Kachingwe ka mubokosi ndi komwe sindinakondwe nako, nkakafupi komanso koonda kwambiri. Ndinagula china cha mamita 10 chonenepa, mtundu umene amaikira madishi wokhala ndi foyilo ndi waya wolukana mkati, ndinachidutsa m'mbali mwa khoma pansi pa chitseko mpaka pabalaza popanda kukhoma msomali olo umodzi. Apa musaumire, chingwe chotchipa chimataya siginolo komanso chimalowetsa phokoso, ndipo musagule chachitali kuposa mmene mukufunira.

Nditasaka matchanelo koyamba ndinapeza pa nambala 1 pali BBC One Wales, pa 4 pali S4C anthu akuyankhula chi Welsh. Izi zimachitika ndithu kuno ku North West chifukwa mlongoti wa Moel-y-Parc wa kumpoto kwa Wales umafika mbali zina, ndipo TV ikagwira milongoti iwiri ina imaikankhira ku manambala a m'ma 800. Musadandaule kuti eriyo ndi yoipa. Sakaninso, TV ikafunsa dera musankhe England kenako North West, BBC North West ndi ITV Granada zibwerera pamalo pake. Apa mpamene log periodic imaposera yapepepe ija, chifukwa imamvera kumene yaloza nkumakana zambiri zochokera m'mbali ndi kumbuyo, nditailozetsa bwino ku Winter Hill za ku Wales zinasiya kubwera.

Panopa ndikupeza BBC zonse, ITV, Channel 4, Channel 5, za HD zoyambira pa 101, CBeebies ya ana ndi mawailesi. Match of the Day Loweruka usiku ndimaonera osaduka. Dziwani kuti matchanelo amabwera m'magulu, gulu lililonse pa frequency yake, nchifukwa chake akasowa amasowa angapo nthawi imodzi. Kwa ine magulu a BBC ndi ITV ndi olimba mvula kaya mphepo, koma gulu limodzi la timatchanelo ting'onoting'ono limaswekabe nthawi zina makamaka basi ya double decker ikaima pa siteji ili pansi pa windo. Ndikaipotoza kuti gulu limenelo likhale bwino HD imayamba kudandaula, nde ndinasankha HD.

Zovuta zina nazi. Sikokongola, olo pang'ono, ndipo mayi akunyumba sanakondwe nako masiku oyamba kuona chitsulo pamwamba pa wodilopu. Kopondera nkopepuka moti chingwe chonenepa chija chimakakoka, mwana akangokhudza chingwe eriyo yatembenuka. Timawaya take ndi tosongoka ndiye ikani poti ana sangafikire. Komanso phokoso la magetsi imaligwirabe, ine ndinapeza kuti chaja ina yotchipa ya foni ikalowa pa soketi ya kuchipindako quality imatsika nthawi yomweyo, ndikaizula imabwerera. Mababu ena a LED amachitanso zomwezo. TV ikamasweka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ganizirani chimene mumayatsa nthawi imeneyo musanaimbe mlandu eriyo.

Kwa okonda kugula zakale pa Facebook Marketplace chenjerani pang'ono. Pofika 2020 matchanelo a TV anasamutsidwa kuchoka ku 700 MHz kuti malowo apite kwa makampani a mafoni, ndipo Winter Hill inatsikira ku ma frequency apansi. Eriyo yakale imene inapangidwira apamwamba okhaokha siikokanso bwino kuno. Log periodic imagwira ma frequency onse a TV mofanana ndiye nkhawa imeneyi palibe. Ngati pafupi ndi nyumba yanu pali mlongoti wa mafoni mungafune kafyuluta kotchinga 4G ndi 5G kolumikiza kumbuyo kwa TV, nkotchipa, ndipo kamafunika kwambiri kwa amene mukugwiritsa ntchito busita.

Ena amafunsa ngati ingagwire MBC, Zodiak kapena Times. Ayi abale, za kumudzi ndi pa intaneti basi, eriyo imagwira za mlongoti wapafupi nanu. Ndipo Freeview ilibe bilu yapamwezi koma layisensi ya TV ndi lamulo kwa aliyense woonera TV ya live kaya pa eriyo kaya pa foni, mu April 2025 inakwera kufika £174.50 pachaka ndipo chindapusa chimatha kufika £1,000, chonde musaseweretse mapepala anu pa zinthu ngati izi.

Ngati muli pansanjika yapamwamba ndipo muli ndi windo loloza ku mlongoti, gulani iyi osaikira kumbuyo. Ngati muli pansi penipeni, kapena ku basement, kapena kutsogolo kwanu kwaima chibuloko chachitali, mwayi ndi wochepa ndipo mwina bola kukambirana ndi landilodi kuti aitane katswiri aike ya padenga, ena amavomera mukawauza kuti idzatsala panyumbapo mukamasamuka. Mukagula pa intaneti lamulo la kuno limakupatsani masiku 14 oti musinthe maganizo katundu akafika, ndiye bokosi musaling'ambe, yesani zipinda zonse mkati mwa masiku amenewo, ikakana ibwezeni.