Makina odula mapepala a pa Nchalo: chinsinsi amabisadi, koma pepala amalifooketsa

Ndine mlembi wa gulu lathu la banki m'khonde kuno ku Ngabu. Makope akale ndi mafomu a ngongole ndakhala ndikuzisunga m'katoni pansi pa bedi. Tsiku lina ndinagula mandasi pamsika, ndipo pepala lomwe anandikulungiramo linali ndi dzina la munthu, nambala yake ya foni komanso ndalama zomwe anakongola kwinakwake. Ndinkadya mandasi uku ndikuwerenga ngongole ya eni ake. Mumtima ndinati ayi, mapepala a gulu lathu sadzakulungira mandasi.

Kuwotcha sindinafune, chifukwa kwa ife pepala ndi chuma. Timalinyika m'madzi, kulisinja mumtondo, n'kupanga mabriketi ophikira posakaniza ndi utuchi. Loyera bwino timapangira mapepala okhuthala a makadi a ukwati ndi a chinkhoswe. Choncho ndinakwera minibasi ndi katoni yanga kupita pa Nchalo, pashopu ina ya fotokope yomwe ndinamva kuti imadulanso mapepala.

Mnyamata wa pashopupo ndi waulemu, izi ndisabise. Anandipatsa mpando, n'kundifunsa kuti, "Mayi, timawaya ta sitepula mwachotsa?" Nditati ayi, anakhala pansi n'kumachotsa nane limodzi, osawonjezera mtengo. Makina ali nawo awiri. Akale amadula pepala m'timizere titalititali ngati zingwe. Atsopano amadula m'litali ndi m'lifupi momwe, pepala n'kutuluka ngati deya. "Enieni ndi awa, mayi," anatero, "ngakhale mfiti singalumikize." Ndinaseka n'kuvomera. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa.

Makina atsopanowo sachedwa kutentha. Ndi dzuwa la Okutobala la kuno kuchigwa, ankati akagwira pang'ono n'kuima, ife n'kumadikira kuti azizire. Katoni imodzi inandidyera m'mawa wonse.

Kunyumba zinayamba bwino. Mapepala athunthu timawanyika masiku angapo, koma awa anafewa usiku umodzi wokha, ndipo kusinja kwake kunali ngati kusewera. Vuto linaoneka pa sefa yomwe timatungira phala la mapepala popanga makadi. Ndikamiza sefa m'beseni, phala lambiri linkangodutsa ndi madzi, madziwo n'kuyera ngati mkaka. Lotsalira pamwamba ndinaliyanika, linauma msanga monga mwa nthawi zonse, koma nditalipinda kuti likhale khadi linangothyoka pakati ngati chigumu chouma.

Chifukwa chake n'chakuti pepala ndi timaulusi ta mtengo tolukanalukana, ndipo mphamvu yake ili m'kutalika kwa timaulusito. Paliponse pomwe mpeni wa makina wadutsa, timaduka. Tizidutswa tikachepa kwambiri, ndiye kuti todukato tachuluka. Yesani kuluka mkeka ndi mlaza wodulidwa kutalika ngati chala, muone ngati mungakhalepo. Ngakhale popanda makina odulawa, ulusi umafupika nthawi iliyonse yomwe pepala lasungunulidwa n'kupangidwanso, n'chifukwa chake amati pepala limapangidwanso ka 5 mpaka ka 7 basi. Kumafakitale, ulusi waufupi umathera ku zinthu ngati tishu ndi mathireyi a mazira, osati pepala lolembapo. Ine ndinali nditafupikitsa ulusi wanga ndekha, n'kulipiranso ndalama.

Chomwe ndingamudandaule mnyamata uja ndi chimodzi. Anaponya m'makina chikuto china chomatidwa pulasitiki ndisanaone. Pepala likakhala lathunthu, pulasitiki umangoichotsa ndi manja. Likadulidwa, iwalani. Timapulasitiki tonyezimira tinabalalika m'thumba lonse, ndipo ine ndi mdzukulu wanga tinakhala madzulo awiri pakhonde tikutola kamodzikamodzi, poopa utsi wake pophika. Thumbalo nalo linali ndi kabowo, moti kuchokera pa siteji mpaka kunyumba ndinasiya mzere woyera m'njira, nkhuku zikuthamangira poganiza kuti ndi mpunga.

Mabriketi okha anatuluka bwino kwambiri, osalala ndi ogwirana, kuposa amene timapanga ndi mapepala ong'amba pamanja. Makadi ndinawapulumutsa pothiramo ulusi wa thunthu la nthochi, wophika ndi kusinja, koma anatuluka ofiirira, ndipo mwini ukwati ankafuna oyera.

Kodi ndingabwererenso? Eya. Koma ulendo uno ndidzasankhiratu kunyumba. Masamba okhala ndi mayina ndi ndalama za anthu adzalowa m'makina atsopano n'kukathera pa mbaula. Ena onse adzalowa m'makina akale a timizere, kapena ndidzangowanyika athunthu. Ndipo thumba ndidzatenga langa, losokedwa bwino.